Kupanga chithunzi chimodzi kuchokera ku tizithunzi ta anthu mazanamazana: malangizo kwa okonza zochitika ndi masapota

Mukaima patali mumaona nkhope imodzi, kapena chizindikiro cha timu, kapena nambala 50 ya chaka cha mpingo. Mukasendera pafupi nkhope ija imamwazika, m'malo mwake mukuona tizithunzi tambirimbiri ta anthu, aliyense ali m'kabokosi kake. Imeneyo ndiye mosaic ya zithunzi, ndipo mukhoza kuipanga pa laputopu wamba, yokapachika pa ukwati, pa chikondwerero cha mpingo, pa tsiku lotsanzikana ndi ophunzira, kapena pa bwalo la zamasewero.

Chimene muyenera kudziwa musanayambe ndi ichi: anthu sabwera kudzasirira chithunzi chachikulucho. Amachiyang'ana kamphindi, kenako amathamangira pafupi kukadzifufuza okha. Munthu akadzipeza amaitana mnzake, amajambula, amaika pa status. Akapanda kudzipeza, chikhalirecho anatumiza chithunzi chake, amachoka ali wokhumudwa ngakhale ntchito yanu itakongola bwanji. Choncho gawo la kompyuta ndi lalifupi, mwina ola limodzi. Ntchito yeniyeni ili pa kusonkhanitsa zithunzi, kuzisankha, ndi kuwerengera bwino kuti aliyense alowemo ndipo aoneke.

Mmene zimayendera mkati mwa pulogalamu

Pulogalamu imatenga chithunzi chachikulu n'kuchigawa m'timabokosi. Kabokosi kalikonse imakaona kuti kali ndi mtundu wanji, kowala kapena kakuda motani, ndiponso kuti mbali iti ya kabokosiko ndi yowala kuposa inzake. Kenako imafufuza m'mulu wa zithunzi zimene mwaipatsa, n'kupeza chofanana kwambiri ndi kabokosiko, n'kuchiika pamenepo. Kabokosi ka pa tsitsi kalandira chithunzi chojambulidwa usiku, ka pa diresi yoyera kalandira chithunzi cha munthu waima padzuwa pafupi ndi khoma loyera. Zotsalazo amamaliza ndi maso a woonera, chifukwa patali diso silisiyanitsa tinthu ting'onoting'ono, limangophatikiza mitundu.

Nzeruyi si yatsopano. Mu 1973 Leon Harmon wa ku Bell Labs, malo a kafukufuku ku America, anaonetsa kuti nkhope ya Abraham Lincoln imazindikirika ngakhale itasanduka timabokosi tochepa chabe, ndipo cha m'ma 1995 Robert Silvers, ali wophunzira ku MIT Media Lab ya pa yunivesite ya MIT ku America komweko, anapanga pulogalamu yoika zithunzi zenizeni m'timabokosimo. Lero mapulogalamu otere alipo ambiri, ena aulere.

Choyamba: sankhani chithunzi chachikulu

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Akomiti amafuna chithunzi cha timu yonse, osewera 11 ndi mphunzitsi wawo, kapena cha akwati ali ndi operekeza awo onse. Zimenezo sizituluka. Kumbukirani kuti kabokosi kamodzi kakuimira kadontho kamodzi ka chithunzi chachikulu, ndiye ngati m'lifupi muli timabokosi 50 tokha, nkhope ya munthu mmodzi mwa anthu 12 ipeza timabokosi tinayi kapena tisanu basi. Maso, mphuno ndi pakamwa sizingakwane pamenepo.

Sankhani chinthu chimodzi chodzaza chithunzi chonse: nkhope imodzi kuchokera m'mapewa, nkhope ziwiri zogundana masaya, chizindikiro cha timu, mtanda, mpira, chikho, kapena nambala yolembedwa monenepa. Kumbuyo kukhale kopanda zambiri. Pakhale kusiyana koonekeratu pakati pa malo owala ndi malo akuda. Nkhope ya munthu wakuda yojambulidwa pamthunzi, kumbuyo kulinso mdima, imasanduka chibanthu chimodzi chopanda maonekedwe, pomwe nkhope yomweyo yowalitsidwa mbali imodzi, kumbuyo kuli koyera, imatuluka bwino kwambiri. Ngati chithunzi chimene mwasankha chili chozimirira, chitseguleni mu pulogalamu yokonzera zithunzi monga GIMP kapena Photoshop, kapena pa foni pomwepo, muonjezere contrast (kusiyana kwa malo owala ndi akuda) kuposa mmene mungachitire pa chithunzi wamba.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chepetsani chithunzicho pa foni mpaka chifanane ndi chikhadabo cha chala chachikulu, mupatse munthu amene sanachione. Akachizindikira nthawi yomweyo, chitengeni. Akayamba kutsinzinira n'kufunsa kuti ndi ndani, fufuzani china.

Mawu ang'onoang'ono monga tsiku, dzina la malo kapena vesi musawaike m'kati mwa mosaic. Muwasiyire mpata wawo pansi kapena pamwamba, alembedwe bwinobwino.

Chachiwiri: masamu, musanapemphe chithunzi n'chimodzi chomwe

Yambani ndi kukula kwa chikwangwani ndi kukula kwa kabokosi. Chithunzi cha pasipoti chimakhala masentimita 3.5 m'lifupi ndi 4.5 m'litali, ndipo munthu amazindikirika bwino. Kabokosi ka masentimita 4 kali pafupi ndi pamenepo. Mukatsika kufika masentimita 2.5, selfie ya munthu mmodzi idzaonekabe koma chithunzi cha anthu asanu chidzangokhala madontho.

Titenge chikwangwani cha mamita 2 m'lifupi ndi mamita 1.6 m'litali. Ndi timabokosi ta masentimita 4, mupeza 50 m'lifupi ndi 40 m'litali, tonse pamodzi 2,000. Mukachepetsa kabokosi kufika masentimita 2.5, timakhala 80 ndi 64, tonse 5,120. Chithunzi chachikulu chidzaoneka bwino kwambiri ndi timabokosi 5,120, koma agogo adzafunika magalasi kuti adzipeze. Ine pa zochitika za anthu ndimakondera timabokosi tokulirapo, chithunzi chachikulu chikhale chosavuta. Ngati akomiti akakamira nkhope yooneka mwatsatanetsatane, auzeni kuti akulitse chikwangwani, asachepetse anthu.

Timabokosi 2,000 sitikutanthauza kuti mufunika zithunzi 2,000. Chithunzi chimodzi chikhoza kubwerezedwa malo angapo. Mukapeza zithunzi 500, chilichonse chilowa kanayi. Mukapeza 250, kasanu ndi katatu, ndipo apo kubwereza kumayamba kuoneka. Zikachepera 150 ndi bwino kuchepetsa chikwangwani.

Tsopano za ma pixel, timadontho timene timapanga chithunzi pa foni kapena pa kompyuta. Chikwangwani choonera pafupi chimafuna 150 dpi, kutanthauza madontho 150 pa inchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Kabokosi ka masentimita 4 kamangofuna ma pixel pafupifupi 240 mbali iliyonse. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, ngakhale chimachepetsedwa, chimafika ndi ma pixel pafupifupi 1,600 mbali yaitali. Ndiye musavutitse anthu kuti atumize ngati document kapena pa HD, kuwathera bandulo pachabe. Chimene chidzakule ndi fayilo yomaliza: mamita 2 ndi 1.6 pa 150 dpi ndi ma pixel pafupifupi 11,800 ndi 9,450. Laputopu yakale idzapumira m'mwamba pang'ono koma imaliza.

Chachitatu: kusonkhanitsa zithunzi

Yambani masabata atatu kapena anayi tsiku lisanafike, ndipo tsiku lotsekera limene mukulengeza lifike masiku angapo lenileni lisanafike. Anthu athu amatumiza tsiku lomaliza, ena mawa lake, akupepesa kuti kunalibe netiweki.

Musasonkhanitsire pa gulu la WhatsApp pamene aliyense akulankhula. Zithunzi zimasochera pakati pa macheza, ndipo ena amachita manyazi kutumiza nkhope yawo pagulu. Ikani nambala imodzi yolandirira, ya munthu amene foni yake ili ndi malo okwanira, ndipo usiku uliwonse azisamutsira zithunzi za tsikulo pa kompyuta. Google Forms imathandiza kusunga dzina pamodzi ndi chithunzi, kungoti wotumiza fayilo amayenera kukhala ndi akaunti ya Google n'kulowamo, zimene zimabweza anthu ambiri akuluakulu. Achibale a ku Johannesburg kapena ku Britain fomu sivuta, koma azakhali akumudzi apatseni nambala, kapena mutume mwana wina akawajambule.

Uthenga wopempha ukhale waufupi ndipo unene zimene mukufuna:

"Tumizani chithunzi chanu chimodzi kapena ziwiri pa nambala iyi pasanafike Lachisanu. Nkhope ikhale pakati, muoneke kuchokera m'chiuno kupita kumwamba, anthu asapose atatu. Lembani dzina lanu pansi pake. Chithunzicho chidzasindikizidwa pa chikwangwani cha pa tsikulo ndipo chidzaikidwanso pa Facebook. Mukatumiza ndiye kuti mwavomera zimenezi. Chithunzi cha mwana atumize ndi kholo lake."

Mawu a chilolezowo musawachotse poganiza kuti akutalikitsa uthenga. Nkhope ya munthu ndi yake, ndipo ku Malawi kuno kuli lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zinthu zokhudza munthu payekha. Kutola zithunzi pa mapeji a anthu a Facebook osawafunsa kuti mudzadzire timabokosi ndi kudziputira mlandu. Chimodzimodzi zithunzi za akatswiri ojambula zimene zili ndi dzina lawo pakona: pemphani kaye mwiniwake. Chizindikiro cha timu nachonso chili ndi eni ake. Ngati mukupanga chokapachika nokha ngati masapota, dziwitsani akuluakulu a timu, ndipo ngati mukufuna kugulitsa makope, pezani chilolezo cholembedwa.

Nkhani ya mitundu ya zovala ndi imene imadabwitsa opanga koyamba, makamaka pa za mpira. Mukapempha masapota a Bullets, pafupifupi onse atumiza atavala zofiira ndi zoyera. A Wanderers atumiza za buluu, a Silver Strikers za buluu wowala. Ngati chithunzi chachikulu ndi chizindikiro cha timu, zimenezi zikuthandizani chifukwa mitundu ikugwirizana. Koma ngati mukupanga nkhope ya wosewera, pulogalamu idzasowa zithunzi zofanana ndi khungu, tsitsi ndi mithunzi, ndipo nkhopeyo idzatuluka yofiira ngati yapsa. Pa mvano wa amayi ndi chimodzimodzi: yunifolomu imodzi, zithunzi 400 zonse zoyera pamwamba. Pa chifukwa chimenechi pemphani ziwiri kwa munthu aliyense, china atavala za timu kapena yunifolomu, china cha tsiku lililonse. Onjezeraninso zanu zodzadzira mipata: bwalo usiku magetsi atayaka, udzu wa pabwalo, thambo, mbendera, ng'oma, chikho, khoma la tchalitchi, keke. Zodzadzirazi zikhale zakuda kwambiri ndi zowala kwambiri, chifukwa zithunzi za anthu nthawi zambiri zimakhala zapakatikati.

Chachinayi: kusefa

Khalani pansi ndi tiyi, iyi ndi ntchito ya maso. M'foda muja mudzapezamo zimene simunapemphe: maluwa a uthenga wa m'mawa, risiti ya Airtel Money kapena Mpamba imene wina anatumiza molakwitsa, chithunzi chimodzi chotumizidwa kasanu, ma screenshot okhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Chotsani zosafunika, dulani mizere yakudayo, apo ayi idzaoneka ngati mabala pa chithunzi chachikulu.

Kenako kudula. Mafoni amajambula zithunzi zazitali, ndipo pulogalamu ikamaika chithunzi chachitali m'kabokosi kofanana mbali zonse imatenga pakati. Munthu amene anajambulitsa thupi lonse ataima, pakati pake ndi pa lamba. Mudzapeza timabokosi todzaza mimba ndi zikwama, mitu itadulidwa. Njira zilipo ziwiri: kudula nokha chithunzi chilichonse kuti nkhope ikhale pakati, kapena kusankha timabokosi tatitali togwirizana ndi mmene anthu ambiri atumizira. Kudula nokha zithunzi 500 kumatenga madzulo awiri kapena atatu mukagawana anthu awiri, ndipo phindu lake limaonekera pa tsikulo. Podula, sinthaninso dzina la fayilo likhale la mwini chithunzi, kuti wina akadzadandaula mudzathe kufufuza.

Pali kusefa kwina kumene kompyuta singakuchitireni. Pa ukwati, itanani mlongo wa mkwatibwi kapena munthu wina wodziwa mbiri ya mabanja onse awiri aone foda yonse. Iye adzazindikira kuti mtsikana amene wakolekana ndi mkwati pa chithunzi icho si msuweni wake ayi. Pa za mpingo, onani nsalu za chipani ndi mabotolo amene ali pa tebulo kumbuyo. Pa za timu, padzapezeka wina wanthabwala wotumiza atavala jezi ya adani kuti adzaseke pa tsikulo. Zithunzi za omwalira funsani abanja kaye. Ena amakondwa kuona malemu ali pakati pa anzawo, ena zimawadzutsira chisoni pa tsiku la chimwemwe.

Chachisanu: pa kompyuta

Pa Windows, AndreaMosaic ndi pulogalamu yodziwika, yopezeka mwaulere, ndipo ikalowa pa kompyuta sifuna intaneti. Palinso TurboMosaic ndi Mazaika zogula, komanso Mosaically imene imagwira pa intaneti, kutanthauza kuti zithunzi zonse muyenera kuzikweza kaye, bandulo ikuyenda. Ngati ntchitoyi mukulipiritsa, werengani malamulo a pulogalamu imene mwasankha okhudza malonda. Mayina a mabatani amasiyana koma zofunika kusintha n'zofanana.

Lowetsani chithunzi chachikulu, chodulidwa kale mogwirizana ndi chikwangwani, apa 5 kwa 4. Lozerani pulogalamu ku foda ya tizithunzi, muidikire iziwerenge. Ikani kukula kwa mosaic, 150 dpi, ndi chiwerengero cha timabokosi. Zikatero mwatsala ndi zinthu zinayi zimene zimasintha zotuluka.

Kubwereza. Apa pali chinyengo chabwino choonetsetsa kuti aliyense walowa. Pulogalamu mukaisiya yokha imakonda zithunzi zimene zikugwirizana bwino ndi mitundu, n'kuzibwereza kambirimbiri, ena osawagwiritsa ntchito n'kamodzi komwe. Koma mukaika malire akuti chithunzi chisapose kanayi, pomwe zithunzi zilipo 500 ndipo timabokosi ndi 2,000, ilibe kothawira, iyenera kugwiritsa ntchito chilichonse kanayi kuti idzaze. Mtengo wake ndi wakuti timabokosi tomalizira timalandira zotsala zosagwirizana kwenikweni. Mukakweza malire kufika kasanu, pulogalamu imapeza mpata wosankha ndipo chithunzi chimakongola, koma mwatsegula khomo loti ena atsale. Mukatero muyenera kuyendera mosaic yonse ndi mndandanda wa mayina m'manja.

Mtunda pakati pa zobwerezedwa. Ikani timabokosi tisanu kapena kuposa, kuti nkhope imodzi isaoneke itandandalikana ndi inzake yomweyo.

Kutembenuza. Mapulogalamu ambiri amalola kutembenuza tizithunzi chadodolido kapena cham'mbali kuti tigwirizane bwino. Zimitsani zimenezi. Palibe amene amafuna kupeza abusa ali mutu pansi. Kutembenuza kwa ngati pagalasi nakonso kumalemba mawu a pa jezi chobwerera, ndiye ngati majezi ali ambiri, kusiyeni.

Kusintha mtundu. Pulogalamu imatha kupaka tizithunzi mtundu wa kabokosi kake, kapena kuyala chithunzi chachikulu pamwamba mopyapyala. Apa ndi pamene pali yesero. Mukakweza kufika 60 kapena 70 peresenti, chithunzi chachikulu chimaoneka mochititsa kaso pa foni, akomiti n'kuomba m'manja, koma pafupi anthu amakhala ngati ali m'chifunga, ena nkhope zobiriwira. Yambani pa 15, mukwere pang'onopang'ono, ndipo yesetsani kusapyola 30. Ngati pa 30 chithunzi sichikuonekabe, vuto lili pa chithunzi chachikulu chimene munasankha kapena pa kuchepa kwa zithunzi zakuda ndi zowala. Bwererani kumeneko.

Poyesa, tsitsani dpi kuti pulogalamu izimaliza msanga, mupange mitundu itatu kapena inayi yosiyana. Iliyonse muione kawiri: mutaichepetsa kwambiri, ndiponso mutaikulitsa pa maso ndi pakamwa pa chithunzi chachikulu, chifukwa nkhope imazindikirika ndi malo amenewo. Mukakhutira, bwezerani 150 dpi mupange yomaliza laputopu ili pa chaja ndipo batire ili yodzaza, magetsi angazime muli pakati.

Chachisanu ndi chimodzi: kosindikiza

Fayilo yomaliza musaitumize pa WhatsApp ngati chithunzi. Ntchito yonse ija idzafinyidwa kubwerera pa ma pixel 1,600, ndipo anthu onse adzasanduka phala. Pitani nayo pa flash, kapena itumizeni ngati document, kapena pa Google Drive.

Musanalipire chikwangwani chonse, dulani kachigawo ka mosaic kokwana pepala la A4 pa kukula kwake kwenikweni, muwapemphe asindikize pa nsalu ya pulasitiki yomweyo imene adzagwiritse ntchito. Makina osindikizira amasakaniza inki, pomwe sikirini imawala yokha, ndiye zosindikizidwa zimatuluka zakuda kuposa mmene mumazionera pa kompyuta, ndipo nkhope za anthu akuda ndi zimene zimayamba kutayika. Kachigawoko kakatuluka kakuda, walitsani fayilo yonse pang'ono. Funsaninso ngati ali ndi nsalu yosanyezimira, chifukwa yonyezimira imabweza kuwala kwa kamera ndipo aliyense wojambula adzapeza chibanga choyera pakati.

Siyani malire a masentimita 5 kuzungulira konse. Osindikiza amapinda m'mphepete n'kuboola mabowo a zingwe, ndipo popanda malirewo mzere wonse wa anthu udzapindikira kumbuyo, wina bowo lili pamphumi. Auzeninso momveka kuti asakoke chithunzi kuti chikwane nsalu.

Ngati mukufuna alendo amate okha pa tsikulo

Makampani a zochitika m'mayiko ena amabwera ndi makina: mlendo amajambulidwa pomwepo, pulinta imatulutsa sitika yokhala ndi nambala, iye n'kukaimata pa khoma la timabokosi, chithunzi chikumera pang'onopang'ono mwambo uli mkati. Zimafuna pulogalamu yapadera, pulinta ya masitika ndi magetsi osadukiza. Mukhoza kupeza chisangalalo chomwecho popanda zonsezo mukakonzeratu.

Pangani mosaic yaing'ono, tinene timabokosi 20 m'lifupi ndi 15 m'litali, tonse 300, ta masentimita 5, chithunzi chilichonse kamodzi kokha. Thabwa lake likhala mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 75 m'litali. Ndi timabokosi tochepa chonchi chithunzi chachikulu chikhale chosavuta kwenikweni, monga mtima, nambala kapena zilembo ziwiri, ndipo apa kusintha mtundu mukhoza kukweza kufika 40 peresenti. Sindikizani pa pepala lomata. Musanadule, tembenuzani pepalalo mulembe kumbuyo kwa kabokosi kalikonse: mizere ikhale zilembo A mpaka O, mipanda ikhale manambala 1 mpaka 20. Samalani kuti mukatembenuza pepala, kumanzere kumakhala kumanja, ndiye nambala 1 iyambire mbali imene ili kumanzere mukaliona kutsogolo. Mukadula musanalembe, mudzagona pabalaza mukulumikiza tizidutswa 300.

Pa thabwa jambulani mizere ndi rula, mulembe manambala omwewo ndi pensulo. Masitika muwaike m'maenvelopu malinga ndi chilembo choyamba cha dzina la mwini wake, kuti pakhomo mlendo akangotchula dzina apatsidwe yake. Pafupi ndi thabwa paime munthu mmodzi wothandiza kumata mowongoka, makamaka ana ndi achikulire. Thabwalo likhale pambali pamene anthu akhoza kuima pamzere osatsekereza njira ya akwati kapena ya chakudya. Sikuti onse amene anatumiza adzabwera, ndiye nthawi ya zolankhula ikamayandikira, atsikana ndi anyamata othandiza amate zotsalazo, kenako MC aitane anthu atembenuke aone chimene chatuluka. Ndi bwino kusaulula chithunzi chachikulu mpaka nthawi imeneyo. Anthu amapikisana kulosera pamene theka lamatidwa.

Kopachika

Chikwangwanichi chimafuna malo awiri oonera, patali ndi pafupi. Kutsogolo kwake kukhale mpata wa mamita asanu kapena kuposa, ndipo anthu athe kufika mpaka kuchikhudza. Pakati pake pakhale pa msinkhu wa maso a munthu wamkulu. Mukachikweza pamwamba pa nsanja kumbuyo kwa alendo olemekezeka, mwapha theka la ntchito, chifukwa palibe amene adzafike pafupi. Ku bwalo ngati Kamuzu Stadium kapena Bingu National Stadium, malo abwino ndi pafupi ndi polowera kapena pamene masapota amasonkhana masewero asanayambe, mutagwirizana ndi oyang'anira bwalo. Cha m'kati mwa bwalo choti chioneke kuchokera tsidya lina ndi chinthu china, chimenecho chimangofuna nsalu yaikulu wamba. Panja mangani ngodya zonse zinayi ndi pakati pomwe, mphepo ya mwezi wa July sichedwa kugwetsa chikwangwani.

Pambuyo pa mwambo

Facebook imachepetsa zithunzi kufika ma pixel 2,048 mbali yaitali, ndiye mukaika mosaic yonse ngati chithunzi chimodzi anthu sadzadziona. Ikani chathunthu chimodzi, kenako muidule m'zigawo 12 kapena 16, chilichonse chikhale chithunzi pachokha, mulembe kuti "Dzipezeni, mutiuze muli chigawo chiti." Masapota amathera tsiku lonse pamenepo akutchulana mayina. Kavidiyo kafupi koyambira pa nkhope ya munthu mmodzi n'kumabwerera m'mbuyo mpaka chithunzi chonse chioneke kamayenda bwino pa status ndi pa TikTok, ndipo mukhoza kukajambula ndi foni pa chikwangwani chenichenicho, mukuyenda chafutambuyo pang'onopang'ono. Amene akufuna fayilo yaikulu apatseni linki ya Google Drive.

Wina akapempha kuti chithunzi chake chichotsedwe pa intaneti, chotsani chigawo chimene alimo, musakangane naye. Foda ya zithunzi za anthu musaisiye pa kompyuta ya kosindikiza kapena pa laputopu yobwereka. Sungani kope limodzi kwa mlembi wa komiti, zina zonse mufufute, ndipo musadzazigwiritse ntchito pa chochitika china osapemphanso. Chikwangwanicho chipukuteni fumbi ndi kansalu konyowa, chiume, muchikulunge pa paipi kapena pa ndodo yosalala. Mukachipinda ngati nsalu, inki imasweka m'mizere ya mapindidwe ndipo anthu a m'mizere imeneyo amafufutika.